Thomasin, Woveka Anthu Okafa Masana

Thomasin Sallow anabadwira ku Southwark, tsidya lino la mtsinje wa Thames, moyang'anizana ndi London, m'chaka cha 1570 kapena chotsatira chake. Mwiniwake sankadziwa bwino, ndipo analibe nazo ntchito. Bambo ake ankawolotsa anthu pabwato, mayi ake ankasoka nsalu zokulungira maliro. Singano anaigwira asanagulule n'komwe mano a ubwana, ndipo pofika zaka makumi awiri anthu ankati mtsikana ameneyu akangokuyang'ana kamodzi, malaya okukwana wadula kale m'mutu.

Ku bwalo la zisudzo la Kakowa anapitako tsiku lina kukapereka mkanjo umene anamupatsa kuti azigambe. Mkulu wa gululo, a Ambrose Pennifold, anautembenuza mkanjowo uku ndi uku kufuna chigamba, koma osachipeza. Anamulemba ntchito pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo malo ake anali kuseri kwa nsanja, m'chipinda chovalira, pakati pa mabokosi a zovala za mafumu zonunkha thukuta la anthu wamba.

Kumeneko n'kumene anakumana ndi Gervase Kell. Nthawi imeneyo Gervase anali asanatchuke. Ankasewera wamthenga, kapena msilikali uja amene amabayidwa asanatsegule pakamwa. Koma mawu anali nawo, ochokera pansi pachifuwa ngati belu lalikulu, ndipo ankaloweza mbali za anzake onse podikira tsiku lake. Tsiku lofunsira mbeta anamupeza Thomasin akusoka mabatani. Anagwada bondo limodzi, dzanja pamtima.

"Ukandikana, mtsinje uwu ubwerera kumapiri kumene unachokera, ndipo mabelu a mzinda uno adzalira okha popanda wowakoka chingwe!"

Thomasin sanadzutse n'komwe mutu. "Mawu amenewo si aja ananena a Pennifold pansanja Lachiwiri, pofunsira mwana wa mfumu? Mwadumphanso mzere wapakati. Anuanu mawu mulibe?"

Gervase anachotsa dzanja pamtima, bondo likadali pansi. Kenaka anayankhula motsitsa, ngati mwana wogwidwa akuba.

"Ndili ndi chipinda kuseri kwa tchalitchi. Denga limadontha mbali imodzi yokha. Ndimakufuna."

"Amenewo ndiye ndamva," anatero Thomasin, n'kudula ulusi ndi mano.

Zaka zinapita, Gervase anakwera mpaka kukhala mutu wa sewero lililonse la pa Kakowa. Limene linamutchukitsa linali la Kapitao Valdrin. Wolosera wina anamuuza Kapitao ameneyu akadali mnyamata kuti dzanja lodzamupha ndi la mkazi amene adzamukonde. Atakonda Merisent, mwana wa mwini linga, anamuthawa zaka zisanu ndi ziwiri, kuyendayenda panyanja. Koma atamva kuti adani azinga lingalo anabwerera kudzamupulumutsa, atavala zovala za adaniwo ndi chisoti chophimba nkhope kuti adutse pakati pawo. Merisent, atagwira mpeni kuseri kwa chipata, anabaya munthu woyamba kulowa. Nkhani yake ndi yomweyi basi. Anthu a mu London ankaidziwa mutu ndi mchira, koma ankawolokabe mtsinje n'kudzaima maola awiri padzuwa, ngati kuti mwina lero chisoti chigwa msanga, mwina lero amuzindikira.

Womuveka Kapitao tsiku lililonse anali Thomasin. Ankayamba ndi chikhodzodzo cha nkhosa chodzaza magazi, kuchimangirira pansi pa khwapa lamanzere, pamwamba pake malaya oyera, kenaka jekete lachikopa lomanga ndi zingwe kumsana. Madzulo ankachapa magaziwo ndi madzi ozizira. Azimayi anzake ankamuseka kuti ndi mkazi yekhayo mu Southwark amene amaferedwa mwamuna katatu pa sabata koma osanenepa ndi chuma chamasiye.

Gervase anafa kambirimbiri mpaka zimene ankanena pansanja anayamba kuzikhulupirira. Ankagula timabuku ta olosera za nyenyezi, ndipo tsiku limene tanena kuti n'loipa sankameta ndevu. Ana awo awiri atamwalira ali makanda, iye anati zinalembedwa. Thomasin sanamutsutse, poti aliyense ali ndi kaliridwe kake, koma mumtima ankadziwa kuti woyamba anapita ndi chifuwa, wachiwiri ndi kuzizira kwa chipinda chodontha chija.

M'nyengo yotentha ya chaka chimene Thomasin anakwanitsa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, mliri unabwerera. Lachinayi lililonse akuluakulu a mzinda ankakhoma pepala la chiwerengero cha omwalira, ndipo lamulo linali lakuti ophedwa ndi mliri akapitirira makumi atatu pa sabata, mabwalo onse a zisudzo atsekedwe. Lachinayi limenelo pepala linati makumi awiri ndi asanu ndi awiri. Aliyense pa Kakowa ankakumbukira kutseka kwapitako: miyezi khumi, amuna akuluakulu kugulitsa nsapato zawo, ana kudyera buledi kwa anansi.

Chiyembekezo chinali chimodzi. Bwana wina wolemera, mwini minda kutali kumpoto, anatumiza mawu kuti Lachisanu abwera kudzaonera Kapitao Valdrin. Likamusangalatsa, atenga gulu lonse ndi akazi ndi ana omwe, kukakhala kumudzi kwake mpaka mliri utatha. Mabanja makumi awiri anagona akuganiza za bwana ameneyu.

Lachisanu m'mawa Gervase sanadye. Anati mutu, mowa wa dzulo. Anatsogola kupita kubwalo, osamudikira mkazi wake monga mwa masiku onse.

Masana mbendera ya kakowa inakwera padenga, mabwato anayamba kutsitsa anthu. Lipenga loyamba linalira pamene Thomasin ankalowa kuseri kwa nsalu kumene Gervase ankavalira. Lipenga limalira katatu, ndipo lachitatu likalira sewero layamba. Anamupeza atavala kale malaya oyera, yekha, chinthu chimene sanachitepo.

"Mwavala bwanji malaya magazi ndisanamange? Vulani."

"Manga pamwamba pomwepa, palibe angaone."

"Zaka khumi ndikumanga mkati, lero ndimange kunja? Kwezani mkono."

Anaugwira mkonowo n'kuukweza yekha. Gervase anakukuta mano, mpweya unatuluka m'mphuno ngati hatchi. Dzanja la Thomasin linali litalowa kale m'khwapa. Linapeza mwanabere wolimba gwa, wamkulu ngati dzira la njiwa, wotentha ngati khala.

Sanachotse dzanjalo msanga. Kuseri kwa nsalu, mapazi atatu okha kuchokera pamene anaima, amuna ankaseka, wina akufunafuna lupanga lake.

"Wayamba liti?" ananong'ona.

"Dzulo."

"Ndiye mwagona nane osanena."

"Ungakhale mwanabere wamba, Tamsin," anatero, kumutchula dzina limene ankamuitanira kunyumba. "Ndinadzicheka chala sabata yatha, umadziwa."

"Musandipusitse. M'mliri woyamba uja ndinkasoka nsalu za maliro ndi mayi anga. Ndimaudziwa uwu."

Gervase anawongola msana, maso akuyaka ndi malungo, ndipo mawu ake anatsikira pachifuwa paja pamene ankatsikira akakwera pansanja.

"Ngati nyenyezi zatsimikiza kuti tsiku langa lakwana, ndifere pamaso pa anthu, nditaima, osati pa udzu ngati galu wa..."

"Siyani zapansanja. Pano muli ndi ine."

Mapewa anagwa. Anakhala pabokosi, n'kumuyang'ana ngati tsiku lija la mabatani.

"Mabanja makumi awiri, akazi anga. Maola awiri okha. Ukatsegula pakamwa, bwana uja atuluka mpango uli pamphuno, pofika mawa bwalo lino alikhomera matabwa. Ana a anzathuwa adzafera mumzinda muno, ena ndi mliri, ena ndi njala. Mbali imeneyi palibe wina amaidziwa. Ndikatsika pansanja, chita nane chimene ufuna."

"Nanga Crispin?"

Popeza lamulo silinkalola akazi kukwera pansanja, wosewera mbali ya Merisent anali Crispin Dace, mnyamata wa zaka makumi awiri, wochepa thupi, wa mawu osalala. Kumapeto kwa sewero Kapitao ankafera pamiyendo pake.

"Mumapumira kunkhope kwake mizere makumi anayi," anatero Thomasin. "Amakupsompsonani. Ali ndi mkazi, ali ndi khanda la miyezi itatu."

"Ndiyang'ana kumbali. Ndikulumbira, sindimupumira."

Lipenga lachiwiri linalira. Nsalu inagwedezeka, mutu wa a Pennifold unatulukira, wofiira ndi thukuta.

"Alamu, simunathe? Bwana wafika, wakhala kale pampando! Kapitao, lero ndiye lero. Ukandifera bwino ndikugulira tsekwe wathunthu." Anamuyang'anitsitsa Gervase. "Bwanji nkhope yatuwa choncho?"

Thomasin anamva mawuwo atafika kale palilime. Anali mawu amodzi okha. Anaona kumbuyo kwa a Pennifold amuna atandanda m'zovala zimene anasoka yekha, aliyense akumudziwa dzina la mkazi wake ndi la mwana wake.

"Ndamupaka ufa wambiri," anatero. "Tatsala pang'ono."

Mutu uja unabwerera. Thomasin anamangirira chikhodzodzo m'munsi pang'ono kuposa masiku onse, kuti chisakhudze chotupa. Anamuveka jekete, n'kuyamba kukoka zingwe kumsana, bowo ndi bowo, kuyambira pansi.

Atatuluka Gervase, analowa Crispin atakweza diresi la Merisent m'manja, akuyenda ngati bakha.

"Mayi, tandimangani msanga. Koma lero musafinye kwambiri, mkazi wanga Lettice wandidyetsa ngati ndikupita kunkhondo. Akuti kumpoto kuli ng'ombe, mwana akamwa mkaka weniweni. Wayamba kale kulongedza, ine n'kumuuza kuti dikira kaye bwana aombe m'manja!"

Thomasin anamanga diresilo, kenaka ananyika kansalu m'viniga, amene anthu ankati fungo lake limathamangitsa mliri, n'kumufumbatitsa.

"Aka uzinunkhiza pafupipafupi. Ndipo lero usawapsompsone a Kell. Ukhale patali ndi nkhope yawo."

"Chifukwa?"

"Adya adyo wambiri."

Crispin anaseka mpaka tsitsi lovala lija linapendekeka. "Aa, mayi! Nsanje yayamba ukalamba uno? Ine ndevu zamera kale, chaka chino n'chomaliza, amuna anu ndikusiyirani."

Thomasin anamugwira pamkono mwamphamvu, zala kulowa m'mnofu. "Ndanena, Crispin."

"Chabwino, chabwino, ndamva," anatero akusekabe, n'kutuluka. Lipenga lachitatu linalira.

Pansalu yakumbuyo kwa nsanja panali kabowo kamene Thomasin sanakasoke dala. Masana amenewo diso lake silinachoke pamenepo. Bwalo linali lodzaza thothotho, oimirira pansi atapanikizana mpaka kutsamira nsanja, akuswa mtedza, akupatsirana mowa. Pamwamba, pampando wa nsalu yofiira, panali bwana uja, chibwano chili m'dzanja.

Gervase analowa bwino. Gawo loyamba linadutsa, lachiwiri linadutsa. Thukuta linali kamukamu, koma anthu ankati ndi dzuwa. Pa gawo lachitatu, pamene Kapitao amamva kuti linga lazingidwa, anatsegula pakamwa koma mawu osatuluka. Anadzandira, n'kugwira mzati. Wosunga buku anamunong'oneza mzere. Zii. Anamunong'onezanso. Munthu wina pansi anakuwa, "Waledzera ameneyo!" Ena anayamba kuseka. Bwana anachotsa dzanja pachibwano.

Thomasin anagwira nsalu kuti atulukire pansanja pomwepo. Asanaponde, mawu anabwera, osati a belu aja, koma osasa, ong'ambika, ngati a munthu amene wasambira mtunda wautali.

"Zaka zisanu ndi ziwiri ndathawa ndi miyendo, koma mtima unatsala pachipata chake ngati galu wokana kusamuka. Tembenuzani chombo! Ngati imfa ili ndi nkhope yake, ndikufuna ndiione."

Kuseka kunatha ngati wathira madzi pamoto. Kuyambira pamenepo palibe anaswanso mtedza.

Linafika gawo lomaliza. Kapitao analowa pachipata, chisoti chitaphimba nkhope. Merisent anabaya. Magazi anayenderera pajekete, chisoti chinagubuduka, ndipo Crispin anakuwa mkuwo uja umene unkaliza ngakhale opalasa mabwato. Anagwada, n'kuika mutu wa Kapitao pamiyendo pake. Gervase anasunga lumbiro lake: anatembenuzira nkhope kwa anthu, kumupatsa Crispin nkhongo.

"Usalire, Merisent. Dzina langa linalembedwa pa mpeni uwu ndisanabadwe, iwe wangowerenga zolembedwazo. Imfa yobwera ndi dzanja lako ndi mlendo amene ndinamukonzera pogona kalekale. Chondipweteka n'chimodzi: ndinataya zaka zisanu ndi ziwiri kuthawa tsiku limodzi."

Kansalu ka viniga kanali katagwera pansi kale. Crispin ankalira misozi yeniyeni, monga ankachitira sewero likamulowa m'magazi. Anaona kuti wokondedwa wake akufa atayang'ana kwina, ndipo anachita chimene Merisent akanachita. Anagwira nkhope ya Gervase ndi manja awiri, kuitembenuzira kwa iye. Gervase anayesa kulimbitsa khosi, koma mphamvu zinali zitatha. Crispin anamupsompsona pakamwa, n'kugoneka tsaya lake pa tsaya lonyowa lija, kukhala choncho mpaka mzere womaliza.

Thomasin analuma nsalu ija kuti asakuwe.

Bwalo linagwedezeka ndi m'manja. Amuna anayi ananyamula mtembo wa Kapitao kulowa nawo kuseri, monga mwa nthawi zonse, koma atautsitsa sunadzuke.

"Kell, dzuka, wafa mokwanira!" anatero mmodzi. Kenaka anagwira pamphumi. "Koma munthuyu akutentha ngati uvuni."

A Pennifold analowa akuvina. "Watitenga! Bwana watitenga tonse! Sabata yamawa ngolo zibwera. Kapitao ali kuti ndimupsompsone ndekha?"

"Musamukhudze," anatero Thomasin. Anaima pakati pa iwo ndi mwamuna wake. "Ndi mliri. Uli m'khwapa."

Kunja anthu ankaombabe m'manja. Amuna anayi aja anabwerera m'mbuyo mpaka misana kugunda mabokosi, akupukuta manja m'zovala.

"Mwadziwa liti?" anafunsa a Pennifold.

"Lipenga loyamba litalira."

Palibe anamutukwana. Mwina zikanakhala bwino akanatero. Chimene Thomasin anaona ndi Crispin, ataima pakhomo m'diresi la magazi, akupukuta milomo ndi mkono wa diresilo, pang'onopang'ono, kubwerezabwereza, maso ali pa iye.

Panalibe womuthandiza kunyamula. Anakweza mwamuna wake pa kangolo kokankha kotengera mabokosi, kumufunditsa mkanjo, n'kumukankha yekha m'tinjira mpaka kwawo, dzuwa likadali m'mwamba. M'mawa mwake anapita kukadzinenera kwa akuluakulu a tchalitchi. Iwo anati iye akhoza kukakhala kwina ngati alibe chizindikiro, koma anakana. Analowa m'nyumba, anthu anakhoma chitseko kunja, kujambula mtanda wofiira, n'kuika mlonda ndi ndodo yake. Mwezi wathunthu.

Buledi ndi madzi ankalandirira pawindo, m'dengu la chingwe. Gervase ankabwebweta mizere ya masewero osiyanasiyana, kusakaniza mafumu ndi akapitao, ndipo akatsitsimuka ankangopempha madzi. Thomasin ankawotcha anyezi, kumuphwanya, n'kumumanga pachotupa akadali wotentha, monga ankachitira mayi ake. M'mawa uliwonse ankadzigwira yekha m'khosi ndi m'khwapa, osapeza kanthu.

Nkhani zakunja ankamva kwa mlonda uja, nkhalamba yokonda kuyankhula. Lachinayi pepala linati makumi anayi ndi asanu ndi limodzi, ndipo mabwalo onse anatsekedwa. Patapita masiku awiri mlondayo anaitana pansi pa windo.

"Mayi Kell! Mumamudziwa mnyamata uja amavala madiresi? Amutenga m'mawa uno pangolo ya maliro. Akuti anagwa Lachitatu. Ndiye bwana wakumpoto uja atamva, wanyamuka yekha, akuti gulu la mliri salifuna pakhomo pake."

Thomasin anakoka dengu, kuika buledi patebulo, n'kukhala pansi. Anakhala pomwepo mpaka mthunzi unasuntha kuchoka khoma lina kufika lina.

Tsiku lachisanu ndi chinayi chotupa chinaphulika, malungo anatsika. Gervase anachira. Atayamba kukhala tsonga ndi kumwa msuzi yekha, mkazi wake anamuuza za Crispin. Analira ngati mwana, mbale ili pamiyendo. Kenaka anapukuta m'maso.

"Zinalembedwa, Tamsin. Mliri unali ponseponse. Mumsewu wa Crispin nyumba zitatu zinali kale ndi mtanda. Ndani angadziwe kumene anautenga? Taona iwe, wagona nane masiku onsewa, sunadwale. Amene tsiku lake lakwana..."

"Mwina anautengadi kumsewu kwawo," anamudula. "Sindidzadziwa mpaka kufa. Koma zingwe zija sizinamangidwe ndi nyenyezi. Munapempha ndinu, ndinamanga ndine. Mawu amenewo mukanene pansanja, muno ayi."

Gervase sanawanenenso m'nyumbamo.

Tsiku limene anachotsa matabwa pachitseko, Thomasin sanapite kumsika kapena kutchalitchi. Analunjika kwa Lettice. Nyumba yakenso inali itangotsegulidwa, ndipo iye ndi khanda anapulumuka. Anamupeza pakhomo akuyanika matewera, ataonda ngati bango.

"Mwadzatani?" anafunsa Lettice, osasiya kuyanika.

"Ndabwera kuti mumve kwa ine, osati kwa ena. Ndinadziwa sewero lisanayambe. Ndinawaveka amuna anga, ndinamuvekanso Crispin."

"Ndikudziwa. Anandiuza yekha." Anafinya thewera mpaka zala kuyera. "Anati, mayi Kell anandichenjeza, ine ndinayesa nthabwala. Ankakuikirani kumbuyo mpaka mawu kumuthera. Iye anali wotero. Ine sindine iye."

Lettice anayanika thewera lija n'kumutembenukira.

"Mawu amodzi, mayi. Mukanati mliri. Akanasankha yekha, mwina akanakwerabe pansanjapo, ndimamudziwa. Koma akanasankha yekha. Inu munamuuza za adyo."

"Ndi zoona."

"Ndiye mukufuna chiyani? Ndikuuzeni kuti palibe kanthu?"

"Ayi."

"Chokani pakhomo panga."

Anachoka. Lettice anadzakwatiwanso ndi wophika buledi wa tsidya lija, ndipo zaka zonse zimene ankakumana pamlatho kapena pamsika wa nsomba, sanamupatsepo moni. Thomasin ankamupatukira njira.

Kakowa anatsegulidwanso patatha miyezi isanu ndi inayi, gulu litachepa ndi theka. Mkono wamanzere wa Gervase unauma, mawu ake sanabwererenso. Anakhala wosunga buku, kumakhala pakampando kuseri kwa mzati n'kumanong'oneza Kapitao watsopano mizere imene kale inkagwedeza denga. Sankadandaula. A Pennifold anamuitananso Thomasin pantchito, poti panalibe wina wodziwa chimene chili m'bokosi lililonse. Ena ankamuyankhula, ena ayi.

Anabwerera ndi lamulo lake. Munthu aliyense, asanamuveke, ankamugwira pamphumi, m'khosi ndi m'khwapa, kaya ndi mfumu kaya ndi wonyamula mkondo, kaya mumzinda muli mliri kaya mulibe. Ankamutcha mayina, iye osalabadira. Chaka china anapeza chotupa m'khosi mwa a Pennifold enieniwo, bwalo litadzaza, lipenga litalira kawiri.

"Ndi chithupsa ichi, mayi iwe! Bweretsa mkanjo wanga!"

Thomasin anatseka bokosi n'kukhalapo.

"Ndikuchotsa ntchito lero lomwe!"

"Chotsani. Koma mundinyamule ndi bokosi lomwe."

Anatuluka yekha pansanja, mkazi woyamba kuima pamenepo, n'kuuza anthu kuti sewero kulibe chifukwa mkulu wa gulu ali ndi chotupa. Anamugenda ndi zitsotso za maapozi. Patapita masiku atatu chinapezeka kuti chinalidi chithupsa wamba. A Pennifold sanamuyankhule mwezi wathunthu, ndipo iye sanapepese.

Gervase anamwalira ndi chifuwa ali ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, masana a Lamulungu, mkazi wake akumusisita mapazi. Thomasin anakhalabe pa Kakowa zaka zina khumi ndi ziwiri. Maso atayamba kuchita khungu ankasoka ndi zala zokha, atakhala pafupi ndi khomo pamene pankalowa kuwala, ndipo osewera achinyamata, amene sankadziwa chifukwa chake, ankabwera okha n'kukweza mikono kuti awagwire.

Anamupeza m'mawa wina wa chisanu atatsamira bokosi, mkanjo wa mfumukazi uli pamiyendo, mpendero utasokedwa theka. Osewera asanu ndi mmodzi anamunyamula kupita naye kumanda a tchalitchi. Mpenderowo anamaliza mkazi wa wosunga pakhomo, ndi ulusi wosiyana mtundu pang'ono, ndipo mkanjowo unakwera pansanja mawa lake masana.